Ndinkapuma ngati munthu wobisala

Woyamba kuzindikira anali mwana wanga wamkazi, nthawi imeneyo ali ndi zaka 9. Unali usiku, ine ndili pakompyuta kumalizitsa ntchito ya ku ofesi, iye ali pambali panga kulemba homuweki. Ndinangoona wasiya kulemba, akundiyang'anitsitsa.

"Amayi, bwanji simukupuma?"

"Iwe, ndikanakhala kuti sindikupuma bwenzi ndikuyankhula nawe?"

"Ayi, mumangokhala duu nthawi yaitali, kenako mumati 'haa!' ngati munthu wovuuka m'madzi."

Ndinamuseka n'kumuuza kuti amalize masamu ake. Koma atapita kukagona ndinadzitchera khutu, ndipo mwanayo sananame. Ndikatsegula uthenga wa abwana, mpweya unkaima. Ndikamawonkhetsa manambala, unkaima. Ngakhale polowetsa kiyi pachitseko unkaima mpaka chitseko chitatseguka. Ndinkakoka pang'ono n'kuusunga pamwamba pa chifuwa, mapewa ali m'makutu, ngati munthu amene wabisala pansi pa bedi akuopa kuti amumva.

Kumene zinachokera ndikukudziwa. Mayi anga anadwala sitiroko, ndipo zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo anakhala kwanga. Chipinda chawo chinagundana ndi changa. Usiku ndinkasiya zitseko zonse ziwiri zotsegula, ndipo ndikadzidzimuka, chinthu choyamba chinali kugwira mpweya wanga kuti ndimve wawo. Kupuma kwako komwe kumasokosa usiku, makamaka ukamafuna kumva kamkonono kofooka ka wodwala kuseri kwa khoma. Ndiye ndinkati zii, kuwerenga chamumtima, mpaka ndimve kuti akoka. Akakoka, inenso ndinkatulutsa. Usiku umodzi zinkatha kuchitika kasanu, mwina kakhumi. Atamwalira tinachotsa bedi lawo, chipinda tinachitseka, koma thupi langa panalibe analiuza kuti ntchito ya ulonda yatha.

Pamene mwana ankandifunsa funso lija n'kuti patatha miyezi 10 mayi atamwalira. Khosi linali gwa, nsagwada zikuwawa m'mawa uliwonse chifukwa chokukuta mano kutulo, pachifuwa ngati wina wasanjikapo njerwa. Ndinkadzuka 3 koloko usiku osagonanso. Kuchipatala anandiyeza mtima, BP ndi magazi, zonse zinali bwino, n'kunditumiza kwa dokotala wa mafizo chifukwa cha khosilo. Nkhani yangayi ndi ya mmene kuvina motsatira mpweya kunandithandizira, koma pano ndinene ndisanapitirire: ngati mukubanika kapena chifuwa chikuwawa, yambani mwayezetsa. Ululu wa pachifuwa wofalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, wobwera ndi thukuta kapena nseru, si wovinira ayi, ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Dokotala wa mafizoyo anali mayi wosayankhulayankhula. Khosi sanayambe walikhudza. Anandigoneka chagada n'kuika dzanja langa limodzi pachifuwa, lina pamchombo.

"Likuyenda ndi liti?"

Linali lapamwamba lokha. Kenako anaika zikhatho zawo m'mbali mwa nthiti zanga zam'munsi, amvekere, "Mayi, takankhani manja angawa ndi nthiti zanu." Ndinayesa, ndinayesanso, nthiti zili nji. Sindinkadziwa n'komwe kuti kumeneko kumayenda.

Anandijambulira papepala mnofu waukulu wopyapyala umene uli pansi pa mapapo, wooneka ngati ambulera yotambasula, umene madokotala amautcha diaphragm. Munthu akamakoka mpweya mnofuwu umatsika n'kukankha za m'mimba, mimba imatukuka pang'ono, nthiti zam'munsi zimadzukira m'mbali ngati chogwirira cha ndowa. Akamatulutsa, mnofuwo umangomasuka n'kubwerera m'mwamba, osafunanso mphamvu. Ine ntchito yaikulu ndinali nditaisiyira minofu ya m'khosi ndi m'mapewa, imene kwenikweni imangothandizira munthu akamathamanga kapena akachita mantha. Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi, ndiye kuti pafupifupi ka 20,000 pa tsiku. Khosi lonyamula nthiti ka 20,000 tsiku lililonse lingaleke bwanji kuwawa?

Anandionetsanso china chimene sindinachiiwale. Anandigwiritsa mtsempha wa pamkono kuti ndimve kugunda kwa mtima, n'kundiuza kuti ndikoke pang'onopang'ono, kenako nditulutse motalikitsa. Pokoka mtima unkafulumira pang'ono, potulutsa unkachedwa. Anati ndi mmene thupi linapangidwira: potulutsa mpweya, mtsempha wa vagus, umene umachokera mu ubongo n'kutsikira kumtima ndi m'mimba, umaugwira mtima buleki. Ine ndinali munthu wongokoka n'kusunga, buleki osaiponda. Pomaliza anandiuza kuti mafizo a khosi andithandiza, koma ndipezenso malo amene amaphunzitsa kuyendetsa thupi motsatira mpweya, ndipo anandilembera dzina la aphunzitsi ena ake.

Kapepalako ndinakaponya m'chikwama. Mwa phuma langa ndinkafuna chinthu chondichiza pa Loweruka limodzi, ndipo pa intaneti ndinachipeza: gulu lina linkalengeza kuti tsiku limodzi lokha la kupuma ndi kuvina limachotsa chisoni cha zaka zambiri. Ndinalipira n'kupita.

Tinalipo anthu oposa 30 m'holo, nyimbo zili pamwamba. Wotsogolera sanafunse aliyense ngati ali ndi matenda. Anatiuza kuti tizikoka mpweya ndi pakamwa, mwamphamvu, mofulumira, osalekeza, uku tikugwedeza thupi. Pasanathe mphindi 10 milomo yanga inachita dzanzi. Kenako zala zinayamba kunyerenyetsa, n'kukokana zokha mpaka manja anapindika ngati mapazi a nkhuku yakufa, osatheka kuwatambasula. Chizungulire chinandigwira, maso anachita mdima. Nditakhala pansi mwamantha, wotsogolera uja anabwera n'kundisisita paphewa akumwetulira, akuti chimenecho ndi chisoni chikutuluka, ndipitirize. Ndinabwerera kunyumba mutu ukuwawa, ndipo usiku umenewo mtima unandithamanga kuposa kale lonse.

Nditawafotokozera adokotala a mafizo anapukusa mutu. Sichinali chisoni chikutuluka ayi. Munthu akamapuma mofulumira kuposa mmene thupi likufunira, amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuchokera m'magazi. Tinazolowera kuutcha mpweya woipa, koma thupi limafuna mlingo wake. Ukachepa, mitsempha yopita ku ubongo imapanikizika, n'chifukwa chake chizungulire, ndipo kashiamu wa m'magazi amasintha kagwiridwe kake ka ntchito, n'chifukwa chake dzanzi ndi kukokana kwa zala. Zingamuchitikire aliyense, wachisoni kaya wosangalala. Kupuma kwamphamvu kotereku kuli ndi mbiri yake: Stanislav Grof ndi mkazi wake Christina anayambitsa njira yotchedwa Holotropic Breathwork ku California m'zaka za m'ma 1970. Koma oitsatira mwadongosolo amayamba afunsa za thanzi la munthu, ndipo amachenjeza odwala mtima, a BP yokwera, a khunyu ndi amayi oyembekezera. Kumene ndinapita ine kunalibe funso ndi limodzi lomwe. Sindikunena kuti njira zimenezo sizinathandizepo munthu, koma ine zinandionjezera mantha, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti chinthu chimene chinali ndi tanthauzo lodziwika bwino anachiveka dzina lina kuti ndisadandaule.

Ndiye ndinakafunafuna kapepala kaja.

Aphunzitsiwo anali mayi wa zaka za m'ma 60, amene anavinapo pa siteji ali mtsikana mpaka bondo linawakana. M'chipinda chawo munalibe galasi, nyimbo kunalibe, tinalimo anthu 7. Tsiku loyamba tinangogona pansi, mawondo opinda, mapazi ali pansi. Ine ndinayamba kukoka mpweya waukulu kuti aone kuti ndikudziwa. Anafika pafupi n'kunena motsitsa, "Musaukonze. Ingouperekezani, muone kumene ukupita." Ndinakwiya chamumtima. Ndalipira kuti ndizigona pansi?

Patapita kanthawi anatipatsa ntchito imodzi yokha. Mpweya ukamalowa, dzanja limodzi lidzuke kuchoka pansi, ukamatuluka libwerere. Lamulo linali lakuti dzanja lisayambe lokha, lidikire mpweya uyambe, ndipo mpweya ukatha nalonso liime pomwe lafika, kaya ndi pakati panjira. Zinkamveka ngati masewera a ana. Koma ndinalephera. Dzanja langa linkanyamuka mpweya usanayambe, n'kufika pamwamba mpweya udakali m'njira, kenako ndinkaugwira kuti ndidikire nthawi yotsitsa.

"Dzanja lanu likufika mpweya usanafike," anatero aphunzitsi. "Mukuthamangira kuti?"

Ndinalibe yankho. Ndinayesanso, n'kupeza kuti pakati pa kutulutsa ndi kukoka pali kampata kakang'ono pamene palibe chikuchitika. Kampata kameneko kankandiopsa. Ndi komwe kaja ndinkamvetsera usiku kuseri kwa khoma, kudikira ngati mayi akokenso. Thupi langa silinkafuna kukhalamo ngakhale sekondi imodzi, linkalumpha n'kukoka msanga. Aphunzitsi sanandifunse mbiri yanga. Anangoti mpweya wotsatira umabwera wokha, palibe chifukwa choutsatira kumene uli, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro lonse lagona pamenepa, zina zonse ndi nthambi chabe. Kuvina kumene ndinkakudziwa kumayamba ndi nyimbo: kugunda kwa nyimbo kumalamula, mapazi amatsatira, mpweya umadzionera wokha pambuyo, wefuwefu. Kuno zinthu zatembenuzidwa. Mpweya ndiye woyimba, thupi limavomera. Poti mpweya wa lero si wa dzulo, kavinidwe kakenso sikabwerezedwa, ndipo palibe sitepe yoti munthu waiphonya.

Masabata otsatira tinachoka pa dzanja kupita ku msana. Titagwada, manja ali pansi, potulutsa msana unkakwera ngati wa mphaka, pokoka unkatsika chifuwa n'kutseguka. Kenako kugubuduka chammbali, kukhala tsonga, kuimirira. Kuimirira kokha, kuchokera pogona mpaka pa mapazi, kunkatitengera mphindi 10, chifukwa mpweya uliwonse unkaloledwa kusuntha chiwalo pang'ono chabe. Ndinkayasamula mpaka misozi, m'mimba mukulira, manyazi ngati chiyani. Aphunzitsi anati zimenezo n'zabwinobwino, thupi likamasuka limatero.

Poti ndine munthu wosakhulupirira msanga, makamaka nditapsa kale, ndinawafunsa ngati zimenezi anazipeka okha. Anaseka. Anati ovina anazidziwa kalekale. Martha Graham, amene anayambitsa gulu lake la zovina ku New York mu 1926, anamanga kavinidwe kake konse pa zinthu ziwiri zochokera ku mpweya: thupi kukhwinyata kuyambira m'chiuno ngati potulutsa, ndi kutambasuka ngati pokoka. Marian Chace, yemwenso anali wovina, anayamba mu 1942 kuvina ndi odwala matenda a maganizo pa chipatala cha St. Elizabeths ku Washington, ena mwa iwo anthu osayankhula n'komwe. Sankawaphunzitsa masitepe, ankatengera mmene wodwalayo akuyendera n'kumuyankha ndi thupi lake. Mu 1966 iye anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe la akatswiri othandiza odwala kudzera m'kuvina la American Dance Therapy Association. Mawu akuti somatics, amene masiku ano amaphatikiza njira zonsezi, anawafalitsa ndi Thomas Hanna m'zaka za m'ma 1970, kuchokera ku liwu la Chigiriki lakuti soma. Iye ankatanthauza thupi monga mwini wake amalimvera mkati, osati monga ena amalionera kunja. N'chifukwa chake aphunzitsi athu ankakana galasi. Ankati ukangodziona umasiya kudzimva.

Gawo lomaliza la kalasi iliyonse linkachokera kwa Mary Starks Whitehouse, amene anayamba njira yake ku California m'zaka za m'ma 1950, imene pambuyo pake inadzatchedwa Authentic Movement. Timakhala awiriawiri. Mmodzi amatsinzina n'kudikira mpaka thupi lifune kusuntha lokha, winayo amakhala pambali ngati mboni, maso ali pa mnzake, osayankhula, osamukhudza. Nthawi ikatha, wovinayo ndiye amayamba kunena zimene wamva, ndipo mboni imangonena zimene yaona, osamasulira.

Pa sabata yachisanu ndi chiwiri mboni yanga inali bambo wina wachikulire amene anabwera chifukwa cha msana. Ndinaimirira n'kutsinzina, osayembekezera kanthu. Mpweya unalowa, mawondo anapinda. Unatuluka, ndinawerama. Utalowanso, dzanja lamanja linalowa pansi ngati likufuna kudutsa kuseri kwa chinthu, lamanzere linazungulira kutsogolo. Ndinazindikira mochedwa kuti manja anga akuchita chiyani. Umu ndi mmene ndinkawadzutsira mayi pabedi m'mawa uliwonse: dzanja limodzi kuseri kwa mapewa, lina kukumbatira m'chiuno, mutu wawo utatsamira pakhosi panga. Ndipo nthawi zonse ndinkawanyamula nditagwira mpweya, mano ali gwa, kuopa kuwagwetsa.

Ndinaima choncho, manja atanyamula munthu woti palibe. Mapewa anayamba kunjenjemera. Ndinkafuna kutsegula maso n'kuseka kuti zithe. Koma lamulo lija linali litalowa m'thupi: dikira mpweya. Unatuluka pang'onopang'ono, wautali, ndipo manja anatsika nawo pang'ono. Unalowa, ndinaima. Unatulukanso, ndinatsitsanso. Zinanditengera mipweya mwina 10 kuti ndigwade n'kufikitsa manja pansi. Nditafika ndinasolola dzanja lamanja pang'onopang'ono monga ndinkachitira kuti ndisawadzutse. Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira kwa mawu, kumene sindinalire ngakhale tsiku limene anamwalira chifukwa ndinali wotanganidwa ndi mapepala ndi mafoni.

Bambo aja sanandigwire, sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Belu litalira ndinalephera kuyankhula, ndipo iwo anangoti, "Mayi, ndinakuonani mukutsitsa chinthu cholemera mosamala kwambiri. Inenso ndinapezeka kuti ndagwira mpweya mpaka mutachifikitsa pansi." Basi. Pa mawu onse achitonthozo amene ndinamva chaka chimenecho, amenewa ndi amene ndimawakumbukira.

Musaganize kuti zinali zofewa zokhazokha. Patapita masabata angapo kunatuluka mkwiyo, ndipo umenewu sindinkaudziwa kuti ulipo. Aphunzitsi anatibwerekera maganizo a Gabrielle Roth, amene anagawa kuvina m'magawo asanu a njira yake ya 5Rhythms: koyenda ngati madzi, kodukizadukiza, kwa chipwirikiti, kopepuka, ndi kwa bata. Pa kodukizadukiza mpweya umatuluka mwachidule, "ha, ha," ndipo chigongono kapena chidendene chimagunda nawo limodzi. Ndinayamba mwaulemu. Posakhalitsa ndinali kuponda pansi ngati ndikufuna kuswa simenti. Ndinali nditakwiyira achimwene anga amene ankangoimba foni kufunsa kuti odwala agona bwanji, osabwera kudzagonera ngakhale usiku umodzi. Ndinali nditakwiyiranso mayi omwewo, chinthu chimene pakamwa sindikanachitchula. Mapazi anachinena popanda kunyoza munthu. Kusiyana kwake ndi holo ija n'kwakuti pano palibe ankandikankha, mpweya sunkathamangitsidwa kuposa mmene thupi likugwirira ntchito, ndipo nditatopa ndinaima ndekha. Madzulo ake ndinawaimbira achimwenewo, tinayankhulana ngati anthu, ndinawauza zimene zinandiwawa popanda kukuwa.

Pali zambiri zimene zimanenedwa za njira zimenezi zimene ine sindizivomereza. Ena amati chisoni chimakhala m'chiuno, mkwiyo m'chiwindi, ngati kuti m'thupi muli madilowa olembedwa mayina. Ena amalonjeza kuchiza matenda alionse. Chimene ndinaona ine n'chosavuta: thupi limaphunzira chizolowezi, monga kugwira mpweya ndi kukweza mapewa, ndipo limachipitiriza ngakhale chifukwa chake chitatha. Kuganiza kokha sikuchichotsa, chifukwa sichinalowe poganiza. Kuvinaku sikunalowe m'malo mwa chithandizo china. Mafizo a khosi ndinapitiriza, ndipo kulira kuja kutayamba ndinapitanso kwa mlangizi wa za maganizo kwa miyezi ingapo, chifukwa zina zimene thupi linafukula zinkafunika kuzikamba ndi mawu. Aphunzitsi eniakewo ndi amene anandilimbikitsa kutero. Anati iwo ndi mphunzitsi wa zovina, si dokotala, ndipo mphunzitsi aliyense amene angandiuze kuti ndisiye mankhwala kapena uphungu ndimuthawe.

Kwa amene mukufuna kuyesa panokha, nazi zimene ndimachita kunyumba, mphindi 15 zokha, kawirikawiri ana asanadzuke. Ndimagona chagada pamphasa yopyapyala, mawondo opinda. Mphindi ziwiri kapena zitatu zoyamba sindisintha kalikonse, ndimangoona kumene mpweya ukufika lero. Tsiku limene chifuwa chamangika ndimayamba ndi kuusa moyo dala: kukoka ndi mphuno, kuonjezeranso kakang'ono pamwamba pake, kenako kutulutsa ndi pakamwa motalikitsa mpaka uthe. Thupi limachita zimenezi lokha pafupifupi mphindi 5 zilizonse kuti timatumba ta m'mapapo timene tafota titsegukenso. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anafalitsa mu 2023 zotsatira za anthu oposa 100 amene anayesa njira zosiyanasiyana kwa mphindi 5 pa tsiku kwa mwezi umodzi, ndipo amene ankapuma mousa moyo chonchi ndi amene mtima wawo unakhala m'malo kwambiri. Ine ndimangochita katatu kapena kasanu, kenako ndimausiya mpweya ubwerere mwakale.

Ndikatero ndimasankha chiwalo chimodzi, dzanja, bondo kapena mutu, n'kuchilola chiyende ndi mpweya. Chachikulu n'kusatsogola. Mukaona kuti mwagwira mpweya, ndiye kuti mwapitirira, chepetsani kayendedweko mpaka kakwane mu mpweya umene muli nawo, osati kukulitsa mpweya kuti ukwane kayendedwe. Pamenepa ambiri timalakwitsa, timaganiza kuti kupuma bwino ndi kupuma kwambiri. Kupuma kwabwino munthu ali phee n'kwachete, kodutsa m'mphuno, kofika pansi, kosaoneka kwenikweni. Kuchoka pa chiwalo chimodzi ndimalola msana ulowemo, kenako ndimagubuduka, kugwada, kuimirira. Ndikaimirira ndimavina chilichonse chimene chabwera. Masiku ena ndimangopendekera uku ndi uku ngati mtengo, masiku ena ndimazungulira chipinda chonse. Masiku ambiri palibe chodabwitsa chimachitika, ndipo ndi bwino choncho. Pomaliza ndimaima phee, maso otsegula, kuyang'ana zinthu za m'chipinda mpaka ndimve kuti ndabwerera, kenako ndimamwa madzi.

Za nyimbo, ndikukulangizani kuti masabata oyamba muzizimitse. Nyimbo ili ndi mphamvu, imakulanda mpweya osazindikira n'kukupatsa wake. Mukazolowera kumva wanu, yambani ndi zodekha zopanda mawu. Ine tsopano ndimatha kuvina nyimbo yothamanga mpweya wanga osausiya m'mbuyo, koma zinanditengera pafupifupi chaka.

Pali anthu amene akangoika maganizo pa kupuma nkhawa imakula, amayamba kumva ngati akubanika. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anali wotero. Aphunzitsi anamuuza kuti asiye za mpweya, ayambire ku mapazi: kumva zidendene zikuponda, kuyenda pang'onopang'ono, maso otsegula. Mpweya unadzalowamo wokha patapita masabata. Ngati kutsinzina kukubweretserani zithunzi zoopsa za zimene munakumana nazo, tsegulani maso, ndipo musafukule zinthu zazikulu muli nokhanokha, pezani mlangizi wodziwa ntchito yake. Mukamva chizungulire, dzanzi pamilomo kapena m'zala, ndiye kuti mukupuma mopitirira, khalani pansi, tsekani pakamwa, mpweya uchepe wokha. Odwala mphumu, mtima, khunyu, a BP yokwera ndi oyembekezera afunse adokotala awo asanayese kupuma kwamphamvu kapena kogwira mpweya nthawi yaitali. Ndipo masewera a mpweya sachitikira m'madzi kapena pa chiwongolero, anthu amakomoka osamva chenjezo.

Posankha mphunzitsi, onani ngati akufunsa za thanzi lanu musanayambe, ngati amapempha chilolezo asanakugwireni, ndiponso ngati mungathe kuima pakati popanda kuchititsidwa manyazi. Aphunzitsi athu tsiku lililonse ankayamba ndi kutikumbutsa pomwe pali chitseko.

Papita zaka ziwiri tsopano. Khosi linasiya kuwawa patatha miyezi inayi, tulo tinabwerera pang'onopang'ono, ngakhale kuti mwezi umene mayi anamwalira ukafika ndimadzukabe usiku. Chizolowezi chija sichinatheretu. Foni ikalira usiku mpweya umaimabe, kungoti tsopano ndimazindikira msanga, ndimatsitsa mapewa n'kutulutsa ndisanayankhe. Chipinda cha mayi chija ndi chimene ndimavinira, poti ndi chokhacho chopanda katundu.

Mwana uja ali ndi zaka 11. M'mawa wina anandipeza ndili chogwada, chipumi chili pansi, msana ukukwera ndi kutsika. Anaima pakhomo kanthawi, kenako anabwera kudzagona pambali panga n'kuika kadzanja kake panthiti zanga.

"Zikuyenda," anatero.

"Zako bwanji?"

Anaika dzanja langa pa zake. Tinakhala choncho mpaka alamu ya sukulu inalira, iye n'kudzambatuka kukasaka sokosi yake imodzi imene inasowa.